Tsamba lopanda kanthu limene limaphunzitsa ana masamu

Munthu akatsegula buku lowerengera la Mitsumasa Anno, wa ku Japan, angaganize kuti osindikiza anaiwala kuikamo zithunzi. Tsamba loyamba ndi dambo loyera mbee ndi chipale chofewa, mtsinje ukudutsa pakati. Nyumba palibe, munthu palibe, ngakhale mbalame. Kumbali imodzi kuli timabokosi tosanjikizana, tonse topanda kanthu, ndipo kumbali inayo kwalembedwa 0. Mukatembenuza tsamba, dambo ndi lomwelo, mtsinje ndi womwewo, koma tsopano pamangidwa nyumba imodzi ndipo kabokosi kamodzi kadzadza. Zimapitirira choncho, tsamba lililonse mwezi wake, mpaka pa 12 pamene dambo lija lasanduka mudzi wa anthu ambirimbiri.

Bukuli linatuluka ku Japan mu 1975, ndipo mu nkhani yake yonse mulibe mawu. Anno, amene anamwalira mu 2020, anayamba wakhala mphunzitsi wa ku pulayimale asanatchuke ndi zojambula, ndipo zikuoneka kuti ankadziwa pamene ana amapunthwa. Mabuku ambiri owerengera amayambira pa 1. Iye anayambira pa dambo lopanda kanthu, n'kulipatsa tsamba lake ndi nambala yake mofanana ndi masamba ena onse. Mwana akafika pa nyumba yoyamba ija amabwerera yekha m'mbuyo kukaona ngati inalipo kale. Akapeza kuti panalibe, wawerenga ziro.

Chimene chimavutitsa ziro n'chakuti mwana amaphunzira kuwerenga ndi chala. Amaloza mango, amagwira mwala, amatchula wani, thuu, firii. Nambala iliyonse ili ndi chinthu chake chogwirika. Ziro alibe choloza. Ndiye mwana wa zaka zinayi mukamufunsa kuti m'mbale muli mandasi angati pamene mbale ili pululu, amakuyang'anani modabwa n'kunena kuti mulibe. Yankho limenelo n'loona, koma kwa iye funsolo lafa, chifukwa palibe chowerenga. Ntchito ya mphunzitsi ndi kholo ndi kumuonetsa kuti funsolo lili ndi yankho la nambala ngati mafunso ena onse.

Mu 1986 akatswiri awiri a kaganizidwe ka ana, Henry Wellman ndi Kevin Miller, anafalitsa zimene anapeza atafufuza nkhaniyi ku America. Anaona kuti ana amayamba ndi kudziwa dzina ndi maonekedwe a 0 osadziwa tanthauzo lake. Kenako amamvetsa kuti amaimira kusakhalapo kwa zinthu. Chomalizira, ndipo chimachedwa, ndi kuvomereza kuti ziro ndi nambala yokhala ndi malo ake pamzere, yaing'ono kuposa 1. Ana ambiri amene ankadziwa bwino kuti ziro ndiye kuti palibe kanthu ankanenabe kuti nambala yaing'ono kwambiri ndi 1.

Chaka chomwecho Martin Hughes, wa ku Britain, anatulutsa buku lofotokoza sewero la zitini limene ankachita ndi ana aang'ono. Ankatenga zitini zofanana, china n'kuikamo zidutswa zitatu, china ziwiri, china chimodzi, china osaikamo kanthu. Akatseka n'kuzisokoneza, ankapatsa mwana pepala kuti alembe chizindikiro pa chivindikiro chilichonse choti chimukumbutse za mkatimo. Pa zitini zokhala ndi zinthu ana sankavutika: ena ankalemba manambala, ena timizere. Pa chitini chopanda kanthu m'pamene nzeru zawo zinaonekera. Ena ankasiya pepala loyera, ena ankajambula chitini chopanda kanthu. Anawo anali kudzipangira okha njira yolembera kusakhalapo, vuto lomwelo limene akuluakulu a masamu analimbana nalo kwa zaka mazanamazana.

Mbiri yake ikusonyeza kuti mwana wochedwa kumvetsa ziro si wogona. Alembi a ku Babulo, amene ankawerenga m'magulu a 60, anakhala nthawi yaitali akungosiya mpata pamene panalibe nambala, ndipo pambuyo pake m'pamene anayamba kuikapo chizindikiro cholondera malowo. Aroma analibe ziro m'manambala awo. Ku India, mu 628, Brahmagupta analemba malamulo omutenga ziro ngati nambala yeniyeni: kuti nambala ukaichotsera iyo yomwe yankho ndi ziro, ndipo ukaichulukitsa ndi ziro yankho ndi ziro. Pa kugawa iyenso anapunthwa, chifukwa ananena kuti ziro kugawa ndi ziro ndi ziro, zimene akatswiri a lero savomereza. Pa khoma la kachisi wina ku Gwalior pali mawu a mu 876 ofotokoza munda wa maluwa, ndipo nambala 270 yalembedwapo ndi kaziro kozungulira konga kathu ka lero. Manambala amenewa anadzera ku Baghdad, kumene al-Khwarizmi anawafotokoza, ndipo Fibonacci anawalimbikitsa kwa amalonda a ku Italy m'buku lake la mu 1202. Ife timafuna kuti mwana wa Sitandade 1 ameze zonsezi teremu imodzi.

Apa m'pamene buku la zithunzi limaposa bolodi. Pabolodi mphunzitsi akajambula mabwalo atatu, loyamba mipira iwiri, lachiwiri mpira umodzi, lachitatu lopanda kanthu, mwana amaona ngati lachitatulo aphunzitsi sanamalize kujambula. M'buku muli nthawi. Chinthu chinalipo, tsamba latembenuka, chapita. Mwana amakumbukira zimene zinali pamalopo, ndiye kupanda kanthuko kumakhala ndi tanthauzo: ndi kupanda nkhuku, kupanda mabatani, kupanda masamba. Buku la Eric Litwin ndi James Dean la mu 2012, lonena za mphaka Pete ndi mabatani anayi a malaya ake, limayenda choncho. Mabatani amathothoka limodzilimodzi, ndipo nthawi iliyonse samu yochotsera imalembedwa patsamba, mpaka 1 kuchotsa 1 kutsala 0. Betsy Franco, m'buku lake la mu 2009, anatenga njira ina: anatsatira nyengo za chaka n'kumaonetsa ziro m'zinthu zimene mwana amaziona ndi kuzimva, monga mtengo umene masamba ake onse ayoyoka.

Si mabuku onse a ziro amene amandikhutiritsa. Kathryn Otoshi analemba lina mu 2010 limene ana ndi aphunzitsi ambiri amalikonda. Mmenemo ziro ndi munthu wodandaula kuti ali ndi bowo pakati, ndipo amasirira manambala anzake mpaka atazindikira kuti akaima pambali pawo amapanga 10, 20, 100. Monga nkhani yolimbikitsa mwana wodzikayikira, ndi yabwino zedi. Koma pa masamu ingasiye maganizo akuti ziro payekha ndi wachabechabe, amafunika kutsamira mnzake kuti akhale kanthu. Joan Holub ndi Tom Lichtenheld, mu 2012, anamupanga ziro kukhala ngwazi yopulumutsa anzake kwa manambala achiroma pogwiritsa ntchito mphamvu yake yochulukitsa. Limeneli limasangalatsa mwana amene wayamba kale matebulo, koma wa ku mkombaphala lingomudutsa pamutu. Kholo kapena mphunzitsi posankha buku ayenera kudzifunsa kuti likuphunzitsa ntchito iti ya ziro, chifukwa ntchitozo ndi ziwiri zosiyana: kuwerenga pamene palibe kanthu, ndi kusunga malo m'nambala yaikulu.

Yachiwiriyi ndi imene imagwetsa ana ambiri akafika Sitandade 2 ndi 3. Muuzeni mwana alembe handiredi ndi faifi. Wina alemba 1005, chifukwa walemba 100 yonse kenako 5, monga momwe wamvera. Wina alemba 15, chifukwa anauzidwa kuti ziro si kanthu, ndiye alemberenji chinthu chopanda ntchito? Onse awiri aganiza, ndipo wachiwiriyu watsatira ndendende zimene anaphunzitsidwa. Pa samu ngati 302 kuchotsa 148, mwana amafika pa ziro wapakatiyo n'kuima, chifukwa akuti abwereke kwa mnzake amene alibe kanthu. Amene sanamvetse kuti ziroyo akunena kuti pa malo a makumi palibe mtolo, koma mazana atatu aja angathe kumasulidwa, amangoloweza njira, ndipo ikamuthawa pa mayeso alibe pogwira.

Kuno kwathu mwana amazunguliridwa ndi ziro kuyambira m'mawa. Ndalama zonse zamapepala zimene amatumidwa nazo kugolosale zimathera ndi ziro, monga K50, K100, K200, K500, K1,000, K2,000, K5,000. Mwana amene sanayambe sukulu amadziwa kale kuti K50 ndi K500 sizigula zofanana, ngakhale amazisiyanitsa ndi mtundu ndi nkhope. Nambala ya foni ya mayi ake imayamba ndi ziro. Pa wailesi amamva kuti timu yapambana zigoli ziwiri kwa duu. Pa bawo amaona agogo ake akusiyira mnzawo kusewera chifukwa nkhomo yomaliza yagwera m'dzenje lopanda kanthu, ndiye kuti dzenje lopanda kanthulo lili ndi mphamvu pa sewero. Achibale a ku Chipata amakumbukira kuti mu January 2013 Zambia inachotsa maziro atatu pa ndalama yake, K1,000 n'kukhala K1, ndipo amene anali ku Zimbabwe mu 2009 anagwirapo pepala la madola 100 thililiyoni, lokhala ndi maziro 14.

Komabe ziro woyamba amene ana ambiri amamulabadira ndi wa bolopeni yofiira, wolembedwa m'kope aphunzitsi atachonga, anzake n'kumaseka kuti wapeza ziro. Zimandipweteka kuti nambala yofunika chonchi mwana aziidziwa poyamba ngati chizindikiro cha manyazi. Mwana amene anakumana naye kale m'nkhani yosangalatsa, ali pamiyendo pa mayi ake kapena pamkeka ku mkombaphala, amafika naye m'kalasi ngati chinthu chodziwika.

Mabuku amene ndatchulawa ndi a Chingerezi kapena ochokera kunja, ndipo sapezeka wamba m'masukulu a kumudzi. Chipale chofewa ndi mabatani a mphaka si zimene mwana wa ku Ntchisi kapena ku Nsanje amaona. Koma luso lake silifuna ndalama zambiri. Aphunzitsi athu anazolowera kale kupanga zipangizo kuchokera ku zinthu zopezeka pafupi, zimene ku makoleji a uphunzitsi amati TALULAR. Makatoni asanu ndi limodzi osokedwa ndi ulusi wa thumba akwana buku. Pa tsamba loyamba jambulani thadzi ndi anapiye asanu pabwalo, pansi lembani 5. Tsamba lililonse mwanapiye mmodzi alowe m'khola, bwalo likhale lomwelo, mtondo ndi nkhokwe zikhale pamalo pomwepo. Tsamba lomaliza thadzi litsale lokha, ndipo 0 alembedwe wamkulu mofanana ndi manambala enawo, pamalo omwewo. Pa intaneti, African Storybook ya bungwe la Saide la ku South Africa imalola aliyense kutsitsa, kumasulira ndi kusindikiza nkhani zake kwaulere, ndipo muli kale nkhani za m'Chichewa. Olemba ndi ojambula athu angathe kuikamo nkhani zowerengera zoyambira pa ziro, ndipo a Malawi Institute of Education ku Domasi, amene amakonza mabuku a m'sukulu zathu, ali ndi mpata waukulu koposa.

Kawerengedwe kake nakonso n'kofunika. Pofika pa tsamba lomaliza lija, wamkulu asathamangire kutseka buku ndi mawu akuti basi atha. Afunse funso lomwe lija anafunsa pa masamba ena onse, ndi mawu omwewo: pabwalo pali anapiye angati? Mwana akati palibe, avomereze, kenako aloze nambalayo n'kunena dzina lake. Afunsenso kuti nanga pabwalopo pali njovu zingati, mabasi angati. Ana amaseka funso limeneli, ndipo posakhalitsa amayamba kufunsa okha mafunso otero. Maria Montessori ankachita zofanana ndi bokosi la zipinda khumi zolembedwa 0 mpaka 9 ndi timitengo 45. Mwana akaika timitengo molondola m'zipinda zonse, timatha ndendende, ndipo chipinda cha 0 chimatsala chopanda kanthu popanda womuuza. Mabotolo khumi odulidwa pakati ndi timitengo ta nsungwi zingagwire ntchito yomweyo.

Kwa ana okulirapo, buku lomwelo lipitirire pa 9. Tsamba la 10 lionetse mtolo umodzi wa nkhuni khumi womangidwa ndi luzi, ndipo pambali pake pakhale malo oonekeratu a nkhuni zosamanga, opanda nkhuni. Mwana aone kuti 1 akunena za mtolo, 0 akunena za malo enawo. Pa 105 pakhale mulu umodzi wa zana, malo a mitolo opanda mtolo, ndi nkhuni zisanu zapadera. Akalemba 15, musamuuze msanga kuti walakwa. Mupatseni timitengo amange 15 yakeyo, mtolo umodzi ndi zisanu, aiike pambali pa chithunzi cha 105, ndipo mumufunse ngati nkhuni za mbali ziwirizo zingaphike masiku ofanana.