Galimoto Yakale Ili ndi Mbiri, Koma Ndani Angaifotokoze?

Aliyense amene anakhalako ku Nyanga, m'mbali mwa mzinda wa Cape Town, amadziwa timagalimoto tonyamula anthu tomwe eni nthaka amatitcha amaphela, kutanthauza mphemvu m'Chixhosa. Masiku ano ambiri mwa magalimotowa ndi a mtundu wa Toyota Avanza, koma kwa zaka zambiri ntchitoyi inkagwiridwa ndi Toyota Cressida, galimoto yomwe mapulani ake anachokera ku Japan ndipo inkalumikizidwa ku Durban kufikira m'chaka cha 1992. Cressida zomwe zatsala zapenda ndi kukalamba, komabe anthu okonda magalimoto akale ayamba kuzifunafuna. Funso lomwe wogula wanzeru amayamba nalo ndi lakuti: kodi galimotoyi yadutsa m'manja mwa yani?

Funsoli silikhudza olemera okha. Mlimi amene akufuna kugula pikapu yonyamulira fodya, bungwe la m'mudzi lomwe likusonkherana ndalama za minibasi, ngakhalenso m'bale wathu wa ku Joni amene akufuna kubwera ndi galimoto kumudzi, onsewa ayenera kudziwa kulondola mbiri ya galimoto asanapereke ndalama.

Magalimoto atatu, mbiri zitatu

Galimoto yoyamba kufika m'dziko la South Africa inali ya mtundu wa Benz, yochokera ku Germany. Anaiitanitsa ndi munthu wamalonda wa ku Pretoria, John Percy Hess, m'chaka cha 1896, ndipo pa 4 January 1897 inaonetsedwa kwa anthu ku Berea Park pamaso pa mtsogoleri wa nthawiyo, Paul Kruger. Kenaka inagulidwa ndi wamalonda a khofi wa ku Johannesburg, A.H. Jacobs, amene ankaionetsa kwa ogula khofi wake. Sipanapite nthawi yaitali galimotoyo inapsa ndi moto. Chitsulo chake chinatha kalekale, koma eni ake timawadziwa mpaka lero chifukwa nkhani yake inalembedwa.

Yachiwiri ndi Mercedes-Benz yofiira yomwe ogwira ntchito pa fakitale ya ku East London anapangira Nelson Mandela m'chaka cha 1990, pogwira maola oonjezera popanda malipiro. Anamupatsa mu July chaka chomwecho ku Mdantsane. Mbiri yake ndi yodziwika kuyambira tsiku loyamba, ndipo galimotoyo inakasungidwa ku Apartheid Museum mu mzinda wa Johannesburg.

Yachitatu ndiyo yomvetsa chisoni. Pa 11 February 1990, Mandela atatuluka m'ndende ya Victor Verster pafupi ndi Paarl, anakwera Toyota Cressida kupita ku Cape Town komwe anakalankhula kwa khamu la anthu pa khonde la City Hall. Dziko lonse lapansi linaiona galimotoyo pa wailesi ya kanema, koma pambuyo pake inangolowa m'gulu la Cressida zinzake. Atolankhani akhala akufunsa komwe inapita, ndipo palibe nyumba yosungiramo zinthu zakale yomwe ikuionetsa. Ngati galimoto yotchuka chomwechi ingasowe mbiri, nanga bwanji yomwe akukutsatsani pamsika?

Yambani ndi nambala ya chasisi

Nambala ya pa chikwangwani cha kutsogolo ndi kumbuyo imasintha. Galimoto ya ku Cape Town yoyamba ndi zilembo za CA ikasamukira chigawo china kapena ikalowa m'Malawi imapatsidwa nambala ina. Chomwe sichisintha ndi nambala ya chasisi, yomwe imadindidwa pa chitsulo chenichenicho ku fakitale. Kuyambira m'chaka cha 1981 magalimoto ambiri amakhala ndi nambala ya zilembo ndi manambala 17, ndipo m'menemo simupezeka zilembo I, O ndi Q poopa kuzisokoneza ndi 1 komanso 0. Chilembo choyamba chimaulula komwe galimoto inapangidwa: J ndi Japan, W ndi Germany, S kawirikawiri ndi Britain, pomwe zoyamba ndi AA mpaka AH ndi za ku South Africa.

Magalimoto omwe anapangidwira msika wa m'dziko la Japan, monga ambiri omwe amafika kuno kudzera ku Dar es Salaam ndi pachipata cha Songwe, amakhala ndi nambala yaifupi. Amenewa amabwera ndi chikalata chowatulutsira m'dzikolo, chomwe chimasonyeza nambala ya chasisi, chaka chomwe galimoto inalembetsedwa koyamba, ndiponso makilomita omwe inali itayenda pomwe inkayesedwa. Chikalatachi chimathandiza kugwira anthu amene amabweza m'mbuyo mita ya makilomita.

Pukutani fumbi ndi mafuta, werengani nambala ya pa chitsulo ndi maso anu, ndipo muifananitse ndi ya pa mapepala chilembo ndi chilembo. Chitani chimodzimodzi ndi nambala ya injini. Mukaona kuti pamalopo anapalapo, anaotchererapo kapena anapakapo penti yatsopano, bwererani. Akuluakulu anati chikomekome cha mkuyu m'kati muli nyerere.

Kodi inalowa bwanji m'dziko?

Dziko la South Africa sililola kuitanitsa magalimoto ogwiritsidwa kale ntchito mwachisawawa, pofuna kuteteza mafakitale ake. Bungwe la ITAC limapereka chilolezo kwa anthu ochepa okha, monga nzika zobwerera kwawo, osamukira m'dzikolo, olandira galimoto ngati chuma cha masiye, ndi oitanitsa galimoto yakale yomwe yakwanitsa zaka 40. Choncho galimoto yakale yochokera kutsidya kwa nyanja yomwe inalowa moyenera iyenera kukhala ndi chilolezocho pamodzi ndi mapepala a msonkho. Magalimoto a ku Japan omwe amatsitsidwa pa doko la Durban amakhala akungodutsa kupita ku maiko oyandikana nawo. Wina akakutsatsani yotere ku Nyanga kapena ku Philippi pa mtengo wozizira, dziwani kuti apolisi akhoza kuilanda, ndipo ndalama zanu zidzapita pamodzi nayo.

Kwa magalimoto akale kwambiri, mbiri imayambira ku fakitale. Bungwe la British Motor Industry Heritage Trust ku Gaydon, m'dziko la England, limasunga mabuku a mafakitale omwe ankapanga Austin, Morris ndi Land Rover, ndipo limapereka chikalata chosonyeza tsiku lomwe galimoto inapangidwa ndi komwe inatumizidwa. Kuchokera pamenepo wofufuza amatsata malisiti a kugalaji, mapepala a inshuwalansi, zithunzi zakale ndi mawu a amakaniko achikulire, kufikira mwini wake wa lero.

Mwini wake weniweni ndani?

Ku South Africa chikalata cha galimoto chimasonyeza maina awiri: woigwiritsa ntchito, ndi amene ali ndi umwini mwalamulo. Ngati galimoto inagulidwa pa ngongole yomwe sinathe, umwiniwo umakhala wa banki, ndipo wogulitsayo alibe mphamvu yoigulitsa. Galimoto ikagulitsidwa, lamulo limapereka masiku 21 oti kusintha kwa umwini kulembetsedwe. Kuyambira m'chaka cha 2012 magalimoto atsopano m'dzikolo amawazidwanso timadontho ting'onoting'ono masauzande ambiri tokhala ndi nambala yozindikiritsa galimotoyo, zomwe zimavuta kufufuta.

Wofuna kubwera ndi galimoto kumudzi kudzera ku Beitbridge, Nyamapanda, Tete mpaka pachipata cha Mwanza kapena Dedza asanyamuke popanda chikalata cha apolisi cha SARPCCO, mgwirizano wa akuluakulu a polisi a kum'mwera kwa Africa womwe unakhazikitsidwa m'chaka cha 1995. Chikalatachi chimatsimikiza kuti galimotoyo siili pa mndandanda wa zobedwa. Ikafika kuno, pamafunika kulipira msonkho ku MRA, kuionetsa kwa apolisi, kenaka kuilembetsa ku nthambi ya boma yoona za pamsewu kuti mwini wake alandire buku la galimoto, lomwe ambiri timalitcha blue book. Pogula galimoto yomwe ili kale m'dziko muno, onetsetsani kuti dzina la m'bukulo ndi lomwe lili pa chiphaso cha wogulitsayo.

Alangizi a m'midzi ndi atsogoleri a makalabu a alimi angathandize kwambiri polimbikitsa kuti pogulana pazikhala kalata yosainidwa ndi mbali zonse pamaso pa mboni, yokhala ndi tsiku, mtengo, nambala ya chasisi ndi ya injini. Safunsa anadya phula. Ndipo inu amene muli nayo kale galimoto, sungani lisiti iliyonse m'chikwama chimodzi kutali ndi chinyezi ndi chiswe, pakuti tsiku lomwe mudzaigulitse, wogula adzafuna kuona mapepalawo asanatsegule boneti.