Kunyanyala sitolo zikuluzikulu: mpeni wocheka mbali ziwiri

M'mwezi wa April 2015, nzika zina za ku South Africa zitayamba kuchitira nkhanza alendo mumzinda wa Durban, bungwe loteteza ogula la Cama, motsogozedwa ndi a John Kapito, lidapempha Amalawi kuti anyanyale sitolo za makampani a m'dzikolo. Lachisanu pa 24 April, sitolo monga Shoprite, Game ndi PEP zidakhala zotseka mumzinda wa Blantyre, apolisi akulondera.

Sitolozi sizidamenye munthu. Cholinga chidali chakuti eni ake, poona malonda akulowa pansi, akakamize boma lawo kuteteza alendo. Ogula alibe mpando pa zokambirana za maiko, choncho amayankhula ndi ndalama zawo.

Boma la Mchinji likuonetsa pamene njirayi imafookera. Wokhala pa boma la Mchinji ali pafupi ndi Chipata kuposa Lilongwe, ndipo ku Chipatako kulinso Shoprite. Ngati Amalawi anyanyala koma a ku Zambia akugula, ndalama imangodutsa pa chipata cha Mwami n'kukagwera m'thumba lomwelo. Ku Lusaka, ophunzira adachita zionetsero pa sitolo zoterezi mu September 2019.

Palinso ena amene amapwetekera momwemo. Ogwira ntchito m'sitolozi ndi Amalawi, ndipo alimi ena amagulitsako masamba ndi mazira. Kunyanyala kwa tsiku limodzi kumatumiza uthenga. Kukatalika, woyamba kulira amakhala wapakhomo, mwini sitolo asanamve kuwawa.