Masamu Osunga Amasiye

Makolo ambiri akaona kuti mwana wawo ndi wakuthwa pa masamu, amangoganiza za uphunzitsi kapena ntchito ya kubanki. Komatu ilipo ntchito ina imene ambiri saidziŵa, ndiyo ya actuary. Ameneyu ndi katswiri woŵerengera zam'tsogolo, kuti ndalama zimene anthu akusonkha lero zidzakwanire pa tsiku la ukalamba, la ngozi kapena la imfa.

Ntchitoyi si yachilendo kwa ife a Chipresbiteriyani. M'chaka cha 1744, ku Scotland, abusa aŵiri, Robert Wallace ndi Alexander Webster, anayambitsa thumba lothandiza akazi ndi ana a abusa omwalira. Mothandizidwa ndi katswiri wa masamu, Colin Maclaurin, anaŵerengera kuti ndi abusa angati amamwalira pa chaka, amasiya akazi angati, ndiponso kuti amasiyewo amakhala ndi moyo zaka zingati. Potero anadziŵa ndalama zimene mbusa aliyense anayenera kupereka kuti thumbalo lisadzaume.

Mafunso omwewo ali pakati pathu kuno ku Lilongwe. Kuyambira 2011, lamulo la dziko lino linakakamiza olemba ntchito kusungira antchito awo penshoni: wantchito amapereka K5 pa K100 iliyonse ya malipiro ake, ndipo bwana amaonjezapo K10. Kalaliki wa m'sitolo ku Old Town ndi mkulu wokhala ku Area 10 onse akudalira kuti ndalamazo adzazipeza. Makampani a inshuwalansi ndi a penshoni, monga NICO ndi Old Mutual, amafuna uphungu wa actuary, ndipo amayang'aniridwa ndi Reserve Bank, imene likulu lake lili ku City Centre. Actuary akalakwitsa, wovutika ndi mayi wamasiye.

Njira yake ndi yaitali. Mwana ayenera kukhoza bwino masamu pa MSCE, kenaka akaphunzire masamu, chiŵerengero ndi zachuma ku yunivesite. Ena amapita ku University of Cape Town ku South Africa. Digiri payokha siikwanira: pamatsatira mayeso ovuta a mabungwe monga Institute and Faculty of Actuaries ya ku Britain, amene munthu amalemba kwa zaka zingapo ali pa ntchito. Ambiri amagwa, nkubwerezanso.

Tsono inu anyamata ndi atsikana, musachite manyazi ndi mphatso ya masamu. Ndipo inu makolo anzanga, mukaona mwana akulimbana ndi samu imodzi mpaka usiku, musamzimire nyali.