Momwe Tete Inafupikitsira Mzere wa Pachipatala

M'mwezi wa Okutobala dzuwa la mumzinda wa Tete silidikira masana kuti liyambe kuotcha, ndipo masiku ena kutentha kumapitirira madigiri 40. Wofuna kuonana ndi dokotala amalawirira m'bandakucha, kuti akapeze malo pamzere kusanatenthe. Ena amaoloka Zambezi pa mlatho wa Samora Machel, ena amakwera chapa, minibasi ya kuno, kuchokera ku Moatize. Pamene zitseko zikutsegulidwa, namwino amapeza khonde ladzaza kale, ndipo dokotala amayamba tsiku ali ndi ngongole ya maola.

Mkulu aliyense woyendetsa chipatala amayamba waganiza zofulumizitsa dokotala: achepetse mphindi pa wodwala aliyense, asachedwe pa nkhomaliro. Koma dokotala wothamanga samva bwino zomwe wodwala akunena, makamaka kuno komwe dokotala amayankhula Chipwitikizi pomwe wodwala akufotokoza ululu wake m'Chinyungwe kapena m'Chichewa. Wodwala yemwe sanamvedwe amabweranso mawa, mzere n'kutalikirako.

Chigawo cha Tete chinayesa njira ina, ndipo chinafunsa funso labwino koposa: kodi onse ali pamzerewa akufunikadi kuonana ndi dokotala lero?

M'chaka cha 2008, bungwe la Médecins Sans Frontières pamodzi ndi akuluakulu a zaumoyo m'chigawochi anayambitsa magulu a anthu omwa ma ARV, omwe ku Mozambique amadziwika ndi dzina loti GAAC. Anthu oyandikana nyumba, osapitirira asanu ndi mmodzi, omwe thupi lawo lakhazikika pa mankhwala, amapanga gulu. Mwezi uliwonse amakumana, kuwerengerana mapiritsi ndi kufunsana za thanzi, kenako mmodzi amatenga makhadi a onse n'kupita kuchipatala. Kumeneko amapimidwa iyeyo, amapereka uthenga wa anzake, n'kuwatengera mankhwala. Mwezi wotsatira amapita wina. Motero m'gulu la anthu asanu ndi mmodzi, munthu amene ankataya tsiku mwezi ndi mwezi ankafika kuchipatala kawiri kokha pachaka, pokhapokha atadwala.

Zotsatira zake zinalembedwa. Kuyambira Febuluwale 2008 kufika Meyi 2010, anthu 1,384 analowa m'magulu 291. Mwa omwe sanasamukire kwina, 97.5 peresenti anali akulandirabe mankhwala, ndipo awiri okha ndi omwe anasowa osadziwika komwe ali. Unduna wa zaumoyo unatengera njirayi m'zigawo zina, ndipo inaolokanso malire kufika ku Thyolo m'Malawi. Pambuyo pake kunabwera kupereka mankhwala a miyezi itatu nthawi imodzi, komwe kunachepetsanso maulendo.

Chomwe chimandikhudza pa nkhaniyi n'chakuti anawerengera nthawi ya wodwala, chinthu chomwe mabuku a m'maofesi salemba. Mayi wogulitsa tomato akakhala pabenchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa litapendeka, wataya malonda a tsikulo, ndalama ya chapa, ndiponso wasiya ana kwa mnansi. Akatero miyezi ingapo amatopa, amasiya mankhwala, ndipo amadzabwera atanyamulidwa. Pamenepo safunanso mphindi zisanu za dokotala. Amafuna bedi, drip ndi masiku ambiri a anamwino. Kusunga tsiku la mayiyu kunali kusunga maola a dokotala.

Nzeru yogawa ntchitoyi siinayambe mu 2008. Pomwe Mozambique inkalandira ufulu mu 1975, madokotala ambiri achipwitikizi anachoka, ndipo otsala sanafike 100 m'dziko lonse. Mu 1984 boma linayamba kuphunzitsa akatswiri otchedwa técnicos de cirurgia, omwe si madokotala koma amachita maopaleshoni, kuphatikizapo a amayi olephera kubereka bwinobwino. M'zipatala za m'maboma, iwowa ndi omwe akhala akunyamula gawo lalikulu la ntchitoyi. Mayi wothandizidwa ku Ulónguè ndi bedi limodzi lopulumuka pa Hospital Provincial de Tete.

Komabe tisanamizane kuti kukonza ndondomeko kungalowe m'malo mwa anthu. Madokotala akadali ochepa, ngakhale yunivesite ya UniZambeze ikuphunzitsa ena mumzinda momwemu, ndipo migodi ya malasha ku Moatize yakokera anthu ochuluka kuno. Kalembera wa 2017 anapeza kuti mzindawu wadutsa anthu 300,000. Madokotala a m'dzikoli atanyanyala ntchito mu Julaye 2023, chimodzi mwa madandaulo awo chinali malipiro a maola owonjezera. Munthu amene wachezera usiku wonse ndi odwala, m'mawa n'kumupatsanso mzere, sangathandizidwe ndi wotchi yapakhoma. Woyendetsa chipatala ayenera kumuteteza ku misonkhano yosatha ndi mapepala omwe kalaliki angalembe, ndi kumupatsa nthawi yogona.

Pabenchi lero pachuluka odwala shuga ndi BP, omwenso amamwa mankhwala moyo wawo wonse. Ambiri a iwo thupi lawo lakhazikika, ndipo chomwe alawirira n'kungoyezetsa ndi kutenga mapiritsi. Funso lomwe Tete inafunsa mu 2008 likuyenera kufunsidwanso za iwo.