Galimoto yopanda mtenje kale inali ya alimi

MASIKU ano tikaona galimoto yopanda mtenje itanyamula akwati m'tauni, timangoti ndi ya anthu olemera. Koma tikayang'ana mitengo imene magalimoto otere anali kugulidwira ali atsopano, tipeza kuti zaka 100 zapitazo zinthu sizinali conco. Galimoto ya mtenje wa tenti ndiyo inali yochipa, ndipo oigula ambiri anali alimi ndi anthu wamba. Ya mtenje wolimba ndi magalasi inali ya mabwana.

Nkhaniyi iyambira ku America. M'caka ca 1908 kampani ya Henry Ford inatulutsa galimoto yochedwa Model T. Ya mipando isanu, ya mtenje wopinda, inali pa madola 850. Mu 1913 Ford anasintha kagwiridwe ka nchito m'fakitale yake. Galimoto inayamba kuyenda pa mzere, wanchito aliyense n'kumangirirapo cinthu cimodzi ali pamalo ake. Nchito imene inali kutenga maola 12 inatsika kufika pa ola limodzi ndi theka, ndipo mtengo nawo unatsika.

Pofika 1925 Model T yotsegula ya mipando isanu inali pa madola 290, ya mipando iwiri pa madola 260. Yotseka ya zitseko ziwiri inali pa madola 580, ya zitseko zinai pa madola 660. Injini inali imodzimodzi. Ndiye kuti ndalama yogulira yotseka imodzi inali kukwanira zotsegula ziwiri. Wogula yochipayo anali kuiliza mwa kupukusa citsulo kutsogolo, cifukwa sitata ya magetsi inali ya mtengo wapadera.

Nanga n'cifukwa ciani mtenje unali kudula conco? Masiku amenewo thupi la galimoto yotseka linali kumangidwa ngati nyumba. Akalipentala anali kupanga mafelemu a matabwa, ena n'kukhomerapo malata, ena n'kuika magalasi ndi kusoka nsalu za m'kati. Yotsegula inali kungofuna tenti ndi timitengo topindika toigwiririza.

Maina a magalimoto otsegulawa amasokoneza ambiri, koma kusiyana kwake n'kosabvuta. Runabout kapena roadster ndi ya anthu awiri, yopanda magalasi a m'mbali. Mvula ikayamba, woyendetsa anali kutsika n'kumangirira makatani. Zina zinali ndi kampando kobisika kumbuyo, kotsegula ngati cibvundikiro ca bokosi, ndipo okhalapo anali kunyowa basi. Touring kapena phaeton ndi yaitali, ya banja lonse, nayonso ya makatani. Cabriolet, imene Amereka amaicha convertible ndipo Angerezi amati drophead, ili ndi magalasi okweza ndi kutsitsa, mwakuti tenti ikatsekedwa mphepo ndi mvula sizilowa kweni-kweni. Imeneyi ndiyo inali yodula pa zotsegula zonse. Maina a phaeton ndi cabriolet anacokera ku ngolo zokokedwa ndi mahaci, zimene zinaliko galimoto isanabwere.

Alimi a ku America anaikonda runabout cifukwa inali kubvomera nchito iliyonse. Anali kucotsa cakumbuyo cake n'kukhomapo bokosi la matabwa lonyamulira matumba, mkaka ndi nkhumba. Ena anali kunyamula wilo lakumbuyo, n'kukolekapo lamba woyendetsa pampu ya madzi, maceka kapena makina otongolera cimanga. Ford ataona zimenezi, mu 1925 anayamba kugulitsa runabout yokhala kale ndi bokosi lacitsulo pa madola 281. Vaneti imene imatinyamulira feteleza lero ndi mdzukulu wa galimoto yotseguka imeneyo.

Ngakhale Land Rover, imene tiidziwa bwino m'miseu ya kumidzi kuno kwathu, inayamba conco. Inatuluka ku Britain mu 1948 pa mapaundi 450, ndipo anaipangira alimi. Wofuna zitseko ndi tenti ya pamwamba anali kulipira padera.

Zinthu zinatembenuka pamene mafakitale anaphunzira kudinda thupi la galimoto ndi makina akulu-akulu, monga mmene amadindira mbale zacitsulo. Kampani ya Hudson inatulutsa Essex yotseka mu 1922, ndipo pofika 1925 mtengo wake unali utatsika kufika pa wa yotsegula. Anthu amene anatopa ndi fumbi ndi cisanu sanacedwe kusankha. Mu 1919 magalimoto pafupi-fupi 9 mwa 10 ogulidwa ku America anali otsegula. Patapita zaka khumi, 9 mwa 10 anali otseka.

Kucokera pamenepo yotsegula inasanduka ya cisangalalo, ndipo inayamba kudula. Mtenje wacitsulo umalimbitsa thupi lonse la galimoto, monga mmene mitanda imagwirira zipupa za nyumba. Ukaucotsa, uyenera kuonjezera zitsulo pansi kuti galimoto isapindike. Makina opindira tenti nawo afuna ndalama, ndipo cinthu copangidwa pang'ono cimadula kuposa copangidwa cambiri. Ford Mustang ya 1964 ya mtenje wolimba inali pa madola 2,368, yotsegula pa madola 2,614. Corvette yoyamba ya Chevrolet, ya mu 1953, inali pa madola 3,498, ndipo anapanga 300 cabe, zonse zoyera.

Lero timamva kuti magalimoto akale amagulidwa ndalama zoopsa, ndipo nthawi zina n'zoona. Ku France kunapezeka Ferrari yotsegula ya 1961 itaiwalika m'shedi, itaunjikidwa magazini akale pamwamba. Mu 2015 inagulidwa mayuro oposa 16 miliyoni pa msika wa ku Paris. Koma za mtundu umenewo zinapangidwa zosakwana 60. Model T anapanga 15 miliyoni pofika 1927, ndipo ngakhale ndi yakale kwambiri kuposa Ferrari ija, mtengo wake lero sufikako n'komwe. Cimene cimakweza mtengo ndi kusowa kwa galimotoyo, mbiri yake yolembedwa, ndi kukhala ndi injini ndi ziwalo zimene inabadwa nazo. Ukalamba paokha ulibe mtengo.

Amene anaiwala zimenezi analira. Mu 1976 kampani ya Cadillac inalengeza kuti Eldorado ya caka cimeneco ndiyo yotsegula yothera ku America, pakuti malonda anali atatsika ndipo kunali mantha a malamulo atsopano oteteza anthu pa ngozi. Mtengo wake unali madola pafupi-fupi 11,000, ndipo anapanga 14,000. Anthu anathamangira kugula, ena kulipira kuposa mtengo wolembedwa, n'kukazitsekera m'magalaji kuti adzagulitse mtengo ukakwera. Koma mu 1982 Chrysler inayambanso kupanga zotsegula, ndipo mu 1984 Cadillac yomweyo inatulutsa Eldorado ina yotsegula. Ogula ena anakadandaula kukhoti, koma mlandu sunawakomere. Akulu anati cikome-kome ca mkuyu, m'kati muli nyerere.

Tiyeni tisunge zimenezi tikagulitsa mbeu ndalama zili m'thumba, wina n'kutionetsa galimoto yakale yonyezimira kuti ndi cuma ca mawa. Tenti imaola ndi dzuwa ndi mvula, madzi akalowa pansi pamacita dzimbiri, ndipo masipeya ake sapezeka pafupi. Mlimi wa mu 1925 pogula runabout yake anali kufunsa kuti inyamula matumba angati, ipita pa matope kapena iai, ndipo ikafa adzaikonza ndani. Mafunso amenewo ndi amene ifenso tiyenera kufunsa tisanatulutse ndalama ya thukuta la caka conse.