Pulasitiki yomva chinenero cha thupi

Foni ikagwera m'ndowa ya madzi, mwini wake amangogwira njakata, chifukwa amadziwa kuti zipangizo zamagetsi sizimwerana madzi ndi chinyontho. Komatu kuposa theka la thupi la munthu ndi madzi, ndipo ndi amchere. Nanga kachipangizo kamene madokotala akufuna kukagoneka pa ubongo kapena pamtima kangapirire bwanji?

Vuto si kunyowa kokha. Mu kompyuta uthenga umanyamulidwa ndi ma electron, pamene m'mitsempha yathu umayenda ndi tizidutswa ta mchere, monga sodium ndi potassium, totchedwa ma ion. Izi ndi zinenero ziwiri, ndipo pamafunika womasulira. Asayansi akumupeza mu pulasitiki.

Tonse tinakula tikudziwa kuti pulasitiki siidutsa magetsi, n'chifukwa chake amakutira nayo mawaya. Koma mu 1977, Hideki Shirakawa, Alan MacDiarmid ndi Alan Heeger anaonetsa kuti pulasitiki ina, polyacetylene, ikalowetsedwa iodine imayamba kudutsa magetsi. Atatuwa analandira mphoto ya Nobel mu 2000. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1980, kampani ya Bayer ku Germany inapanga pulasitiki ina yotere, PEDOT, imene ikasakanizidwa ndi inzake, PSS, imakhala ngati inki ya buluu woderako.

Ubwino wake ndi uwu. Silicon ya m'makompyuta ndi youma gwa, ma ion amangothera pamwamba pake. Pulasitiki iyi imamwa madzi, ma ion amalowerera mpaka m'kati mwenimweni, ndiye kauthenga kofooka ka m'thupi kamasanduka magetsi omveka bwino. Transistor (kachipangizo kokulitsa uthenga wamagetsi) yoyamba yogwira ntchito motere anaipanga ndi pulasitiki ina ku MIT, ku America, mu 1984, m'gulu la Mark Wrighton. Mu 2013, gulu la George Malliaras ku Gardanne, ku France, linagoneka transistor ya PEDOT:PSS pa ubongo wa makoswe ndi kujambula zimene zimachitika khunyu ikagwira. Inamva bwino kuposa tizitsulo tojambulira ta masiku onse. Aliyense amene anaonapo m'bale wake akugwa khunyu sangaione nkhaniyi ngati ya m'mabuku chabe.

Pamene pagona luso ndi pa mlingo wa madziwo. Woumba mbiya amadziwa: dongo likachepa madzi silimvera dzanja, akachuluka limasanduka matope. Pulasitiki nayo ikamwa pang'ono, ma ion salowa. Ikamwa kwambiri imatupa, ulusi wake umatalikirana, ma electron n'kusowa podumphira. Motero akatswiri amaipanga ndi mbali ziwiri: msana wodutsa magetsi, ndi tinthambi ta m'mbali. Kale tinthambito tinali ta mtundu wa mafuta, tokana madzi. Mu 2016, gulu la Iain McCulloch ku Imperial College London, pamodzi ndi anzawo, linaonetsa kuti kuikapo tinthambi ta glycol, tokonda madzi, kumatsegulira ma ion njira. Kuchokera pamenepo ntchito yaikulu yakhala yoyesa utali ndi kuchuluka kwa tinthambito. Ndi ntchito yodekha, yosatchuka, koma kwa ine ndiyo yofunika koposa.

Palinso malire ena. Magetsi akapitirira ma volt 1.23 madzi angayambe kugawikana kukhala hydrogen ndi oxygen, choncho zipangizozi ziyenera kugwira ntchito ndi mphamvu yosafika volt imodzi. Ndipo mapulasitiki a gulu lina, otchedwa n-type, akhala akuvuta chifukwa oxygen wa m'madzi amawalanda ma electron. Popanda gululi n'kovuta kulumikiza dera lamagetsi losadya mphamvu zambiri.

Si m'thupi la munthu ndi nyama mokha momwe pulasitikiyi imagwira ntchito. Ku yunivesite ya Linköping, ku Sweden, mu 2015, Eleni Stavrinidou ndi anzake a m'gulu la Magnus Berggren anaviika phesi la duwa la rozi m'madzi okhala ndi mtundu wina wa PEDOT. Duwalo linayamwa madziwo monga lichitira masiku onse, ndipo m'timipaipi ta m'phesi mwake munapangika tiwaya todutsa magetsi.