KUSAMALA KHUTU LA GALU

Akuluakulu anati galu wamkota sakandira pachabe. Mwambiwu uli ndi tanthauzo lake lozama, komabe uli woonanso pa galu weniweni amene tikumuona akukanda khutu ndi kupukusa mutu tsiku lonse. Galu wotereyo akutiuza kuti m'khutu mwake mwaloŵa vuto.

Boma la Karonga ndi dera lotentha ndiponso lachinyontho. Agalu athu amasambira m'Nyanja ya Malaŵi, amaoloka mitsinje ya North Rukuru ndi Lufilya, ndipo amatsata eni ao m'minda ya mpunga ya ku Hara ndi ku Wovwe. Madzi amene aloŵa m'khutu satuluka msanga, chifukwa njira ya khutu la galu ndi yokhota: imayamba yatsika pansi, kenaka nkupinda kuloza m'kati mwa mutu. Pokhotapo pamatsalira madzi, litsiro ndi njere za udzu, ndipo m'malo ofunda ndi onyoŵa chotero tizilombo timaswana mofulumira. Nkhupakupa nazo, zimene zimachuluka kumene kuli ng'ombe, zimakonda kumamatira m'makutu.

Zizindikiro zake nzosavuta kuziona. Khutu limafiira, limatupa, limanunkha, ndipo limatulutsa mafinya kapena litsiro lakuda. Galu amalira mukaligwira. Akapitiriza kupukusa mutu mwamphamvu, timitsempha timaphulika ndipo khutu limatupa ndi magazi.

Mfundo yaikulu ndi iyi, aŵerengi: mankhwala othiridwa pamwamba pa mafinya sagwira bwino ntchito, pakuti safika pakhungu podwalapo. Kutsuka khutu ndi mbali yeniyeni ya machiritso. Koma kutsuka kolakwika kumaononga koposa matendawo. Ena amathira parafini, mafuta otentha kapena mankhwala akudibi a ng'ombe. Zimenezi zimaotcha khungu lanthete la m'khutu. Ena amatokosa ndi kamtengo kokulunga thonje, osadziŵa kuti akukankhira litsiro pansi penipeni.

Kumapeto kwa njira ya khutu kuli kachikopa kopyapyala kamene kamalandira mau. Kachikopaka kakabooka, mankhwala ena amaloŵerera m'kati ndi kugonthetsa galu mpaka kalekale. Nchifukwa chake choyamba ndicho kupita naye kwa mlangizi wa ziŵeto wa m'dera lanu, kapena kuofesi ya zaumoyo wa ziŵeto ku Karonga Boma, kuti akamuone ndi kukuuzani mankhwala otsukira oyenera.

Mukapatsidwa mankhwalawo, wina agwire galuyo mofatsa atammanga kukamwa ndi nsalu. Kwezani khutu m'mwamba, thirani mankhwala otsukira mpaka njira idzaze, ndipo tikitani patsinde pa khutu kwa theka la mphindi. Mlekeni apukuse mutu kuti litsiro lituluke, kenaka pukutani ndi thonje kapena nsalu yoyera pokhapo pamene chala chanu chifika. Khutu likauma ndiye muthire mankhwala ochiritsa, ndipo mumalize masiku onse amene mwauzidwa ngakhale galu aoneke ngati wachira.

Galu akapendeketsa mutu mbali imodzi, akamadzandira kapena kuyenda mozungulira, matenda afika m'kati; musatsuke, thamangirani kwa odziŵa. Ndipo galu amene wasintha khalidwe mwadzidzidzi, akuchucha dovu ndi kuluma chilichonse, musamgwire nkomwe, pakuti chingakhale chiwewe chimene chimapha ndi anthu omwe.

Tikumbukire kuti mlonda wa khola la ng'ombe usiku ndi galu, ndipo chida chake chachikulu pamodzi ndi mphuno ndicho khutu. Galu wogontha sangamve fisi kapena mbala ikusendera kukhola. Tiyeni tizipenda makutu ake kamodzi pa sabata, tiziŵapukuta akachoka m'madzi, makamaka m'miyezi ya Marichi ndi Epulo pamene mvula imachuluka kuno kwathu.

M'gawo lotsatira tidzakamba za nkhupakupa ndi matenda amene zimapatsa agalu.